Bwato la Pamtunda

Wilo la njinga lidazungulira kwa kanthawi, likutipemerera kamphepo kozizira m'miyendo, kenako lidayamba kufooka. Amisiri sadalikhudze. Adangonjuta pambali, choko chili m'manja, kudikira kuti liime lokha. Litaima adalemba kamzere pa limu, mbali imene idathera pansi, n'kulizunguzanso. Kachiwiri lidaima pomwepo. Kachitatu, pomwepo.

"Mwaona, aphunzitsi? Uku kwalemera."

Adamasula phiko limodzi mwa mapiko 8 amene adawamangirira pa masipoko, mapiko odula ku chigubu chachikasu cha mafuta ophikira, n'kulipala ndi mpeni m'mphepete. Chimene chidagwa pansi sichidapose chikhadabo cha mwana. Adalibwezera, kumanga, kuzunguza. Tidadikiranso. Ulendo uno wilo lidaima pena, ulendo wotsatira penanso. Apo m'pamene adadzuka, n'kufufuta kamzere kaja ndi chala chonyowetsa malovu.

"Wilo likakhala ndi pogona pake, pa liwiro limagwedeza nyumba yonse. Labwino ndi lopanda kwawo."

Kachidutswa ka pulasitiki kameneko kadatidyera pafupifupi ola lathunthu, ine ndikungoyang'ana wotchi. Lero ndikakhala m'bandakucha pa makina amene wiloli lidalowamo, kapu ya madzi ili pansi pambali pake osagwedezeka n'komwe, ndimakumbukira ola lija ndi kamanyazi.

Chidandifikitsa m'chisakasa cha malata cha amisiriwa, kuseri kwa msika wa pa boma la Dedza, ndi mkono wanga wamanzere. Namwino adaukulunga ndi kalamba kopopa kaja, adayang'ana nambala, adandiyang'ana ine, kenako n'kupempha mkono winawo. BP. Ndidatuluka ndi mapiritsi ndi mawu oti mchere uchepe, mimba iphwe, thupi lizigwira ntchito. Si ine ndekha. Kafukufuku wa STEPS amene Unduna wa Zaumoyo udachita ndi bungwe la WHO mu 2009 adapeza kuti mwa akuluakulu atatu aliwonse a zaka 25 mpaka 64, mmodzi adali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ambiri mwa iwo sadali kudziwa. Bungwe lomwelo limati munthu wamkulu azipeza mphindi zosachepera 150 pa sabata za ntchito yothamangitsa mtima, kuwonjezera apo masiku awiri olimbitsa minofu. Ntchito ziwiri, thumba langa limodzi, chipinda chopuma chimodzinso.

Kuno kwathu nkhani yogula makina otulutsira thukuta ndi yoseketsa, ndipo oseka sindiwanena. Imani m'mawa pamsewu wochokera ku Bembeke muone bambo akukankha njinga yosenza matumba awiri a kachewere pachitunda, mutu uli pa handulo, mitsempha ya m'khosi itatupa. Onani amayi akutsika m'phiri ndi mtolo wa nkhuni wautali kuposa iwo eni. Amenewo mtima ndi minofu zimalipidwa tsiku limodzi. Makina ndi athu a m'mipando: ife amene tidasiya choko n'kukhala pa desiki, akalaliki a kwa DC, eni mashopu, anyamata odzaza mapepala a mathiraki pachipata cholowera ku Mozambique.

Wina afunsa kuti bwanji osangokwera phiri, poti lili pakhomo, mamita 2,198, laulere. Ndidayesa. Kukwera kunkandikomera, koma potsika maondo ankalira. Nthawi yadzinja njira imaterera. Mu June ndi July chiperoni chimaphimba tauni, chisanu n'kulowa mpaka m'mafupa, ndipo munthu akaweruka kuntchito mdima uli kale pakhomo. Ndidalimba masabata atatu. Yachinayi bulangete lidapambana.

Ndiye ndidakwera minibasi ya ku Lilongwe, makilomita 85 pa msewu wa M1, kukaona zimene masitolo ali nazo. Adandionetsa treadmill, ija ya lamba woyenda ndi magetsi. Ndi yokongola, koma imasamala miyendo ndi mtima basi, ndipo magetsi akathima imasanduka choyanikapo matawulo. Adandionetsa chimakina cha zingwe ndi zitsulo zosanjikiza, chabwino pa minofu, koma mtima osauthamangitsa, komanso chikadadzaza pabalaza ponse. Padalinso tina tolonjeza zonse ziwiri pamtengo wofewa, ta mapaipi opyapyala ndi timawilo tapulasitiki, ndipo nditatigwedeza ndi dzanja ndidakumbukira kuti mapanga awiri avumbwitsa. Za mitengo ndisanene zambiri. Chichokereni November 2023 pamene kwacha idagwa ndi 44 peresenti, chilichonse chodutsa pachipata chimaluma. Koma chidagamula mlandu ndi funso lina. Ndidafunsa mnyamata wogulitsa kuti lamba akaduka kapena injini ikapsa ndidzatani. Adandiyankha mwaulemu wake: "Timaitanitsa ku Joni, bwana."

Amisiriwa ndidawadziwa kale chifukwa cha mafelemu a mawindo. Ndi achikulire ndithu, a imvi za m'ndevu, ndipo pa chisakasa chawo pamatuluka zitseko, mbaula, makaliyala a njinga za kabaza, ma ekiselo a ngolo owongoledwa. Nditawafotokozera vuto langa adaseka mpaka kutsokomola.

"Mukufuna thukuta lopanda chokolola? Gulani thiredo pampu, aphunzitsi. Mtima ugunda, miyendo ilimba, kabichi n'kumera."

Sadaname, kungoti dimba ndilibe. Ndidatulutsa foni n'kuwaonetsa kanema wa makina opalasira ngati bwato, amene ndidawaona pa intaneti: munthu wakhala pa kampando kotsetsereka, mapazi atatsamira pa matabwa, akukoka mpini womangidwa ku tcheni. Adauonera katatu. Munthuyo sadamusamale n'komwe, maso awo adali pa tcheni, kumene chikulowa ndi kumene chikutuluka. Kachitatu adandibwezera foni.

"Iyi ndi njinga yogona chagada. Bwerani Lachisanu ndi wilo lakumbuyo."

Chichewa chidaona kale chimene ine ndidachedwa kuona. Timati kupalasa njinga, timatinso kupalasa bwato, mawu amodzi. Ndipo mbiri ya makinawa imavomereza. Abale awiri a ku America, Dick ndi Pete Dreissigacker, adali ochita mpikisano wa mabwato ndi opanga nkhafi ku Vermont, dera limene madzi amaundana nyengo yozizira. Pofuna chopalasira m'nyumba, mu 1981 kampani yawo ya Concept2 idatulutsa makina oyamba, ndipo mtima wa makinawo udali wilo la njinga lomangidwa tizidutswa tapulasitiki tokola mphepo, tcheni, ndi mpini wamtengo. Nditawauza amisiri zimenezi, ndikuyesa kuti adabwa, adangogwedeza mutu ali pa ntchito: "Ndiye kuti nawonso adali ndi nzeru."

Lachisanu ndidabwera ndi wilo la Humber yakale ya malemu bambo anga. Sadayambe ndi chitsulo. Adayamba ndi ine. Adandikhazika pansi pa thumba, msana kukhoma, n'kundiuza kuti nditambasule miyendo. Adalemba choko pamene padafika zidendene. Adandiuza kuti ndipinde maondo mpaka miyendo iime chilili, adalembanso. Adayeza dzanja langa kuchokera paphewa, adayeza kutalikirana kwa mapazi ndikaima mwachibadwa, adandifunsa bondo limene limavuta. Za mtengo tidakambirana pambuyo pa zonsezi.

Mwambo woyamba ndi munthu adauphunzira ku thiredo pampu yomwe ija. Pampu imeneyi idachokera ku Bangladesh, kumene injiniya wa ku Norway, Gunnar Barnes, adaikonza cha m'ma 1980, ndipo m'zaka za m'ma 2000 boma ndi mabungwe adagawa mapampu ambiri kwa alimi a m'madimba m'Malawi muno. Ambiri a ku Linthipe ndi ku Bembeke adadutsa m'manja mwa amisiriwa. Iwo amati pampu yotayidwa kuseri kwa nkhokwe nthawi zambiri siikhala yowonongeka. Imakhala kuti zopondera zake zidatalikirana kwambiri kapena zimatsika mopitirira, mlimi chiuno n'kumupweteka, n'kubwerera ku kheni yake yothirira. Chida chikamenyana ndi thupi, mwini wake amachisiya osanena chifukwa. Sadafune kuti makina anga adzathere kuseri kwa nkhokwe.

Msana wa makinawa ndi paipi yamakona anayi, yotalika mamita awiri, imene kampando kamayendapo ngati sitima pa njanji. Adaisankha okha kwa ogulitsa zitsulo, atakana zitatu. Amainyamula mbali imodzi, kutsinzina diso limodzi, kuyang'ana m'mphepete mwake ngati mlenje. Atafika nayo adakunga ulusi kuchokera kunsonga mpaka kunsonga, kuti aone ngati pali pamene chitsulo chikuthawa ulusiwo. Kumbuyo adakukweza pang'ono, zala ziwiri basi, kuti munthu akamaliza kukoka kampando kazibwerera kutsogolo mosamukakamiza.

Kuwotcherera kwawo ndiko ndingakuonere tsiku lonse, ngakhale amandithamangitsa kuti ndisayang'ane moto. Makina awo owotcherera adapanga okha: waya wa kopa wokulungidwa pa zitsulo zosanjikiza, zonse zili m'bokosi lamatabwa, popanda chozungulitsa chokwezera kapena kutsitsa moto. Akafuna moto wochepa amasuntha chopanira kuchoka pa nsonga ina ya waya kupita pa ina, ndipo nsonga iliyonse amaidziwa ngati mwana wawo. Paipi yopyapyala imafuna ndodo yaing'ono, 6013 ya mamilimita 2.5, ndi dzanja losazengereza, pakuti ukachedwa pamalo amodzi umaboola. Sayamba ndi mzere wautali. Amadontheza kaye timadontho tiwiri togwiriziza, n'kuika sikweya, n'kugogoda ndi nyundo mpaka ngodya ikhale, n'kudonthezanso kuseri. Chitsulo chikamazizira chimakokera kumene kwatentha, ndiye amawotcha uku pang'ono, n'kudumphira kutsidya, kuti kukokana kuthane kokhakokha. Moto ukakhala bwino amaumva ndi khutu. Umalira mosadukiza ngati tchipisi m'chiwaya cha mafuta otentha bwino. Ukayamba kuphulika ndi kulavula, amaima. Ndipo mzere ukapsa moyenera, khoko lakuda la pamwamba limadzuka lokha likamazizira, kungolikhudza ndi nsonga ya chitsulo lagwa, pansi n'kuoneka timizere tosanjana ngati munda wolimidwa ndi munthu mmodzi.

Chimene sindikadaganiza ndi ichi: pamwamba pa njanji ija sadadonthezepo moto ngakhale pamodzi. Miyendo yonse adaigwiriza kunsi ndi m'mbali. Kadontho kamodzi pamwamba, ngakhale utakapala ndi galayinda, mabering'i amakamva, ndipo msana wa wopalasa umakamva kambirimbiri pa tsiku.

Magetsi atathima masana a Loweruka, sadadandaule. Adatenga thabwa la paini, wa m'nkhalango za konkuno, n'kuyamba kusema kampando ndi tchizulo, kukumba timaenje tiwiri tosaya ndi kampata kumbuyo kuti fupa la kumchira lisakhuzike. Kunsi kwake adamangako mabering'i a njinga yamoto, anayi oyenda pamwamba pa njanji, awiri ogwira kunsi kuti kampando kasadzuke munthu akakankha mwamphamvu. Zomangira mapazi adadula ku lamba wa mpando wa galimoto. Mpini ndi wa khasu lakale, wosalala kale ndi manja a mwini wake, ndipo adakana kuupaka penti chifukwa penti imatulutsa matuza.

Pa zonse zimene zidalowa m'makinawa, chimodzi chokha adalamula kuti chikhale chatsopano, fuliwilo. Ndi kagudumu ka mano 18 kaja kokhala pa habu yakumbuyo, kamene kamalira tiki-tiki wanjinga akasiya kupalasa potsetsereka. M'kati mwake muli timano ting'onoting'ono timene timagwira tcheni chikakokedwa, n'kulekerera chikamabwerera. Ndiko kamachititsa kuti wilo lipitirize kuzungulira pamene wopalasa akubwerera kutsogolo kukatenga mphamvu zina. Ine ndidati tigwiritse ntchito ka pa Humber pomwepo, poti kadali kakugwirabe.

"Pa njinga kakaphonya, phazi limangotsetsereka. Apa kakaphonya mukukoka ndi thupi lonse, nkhongo yanu ikaonana ndi simenti. Pitani mukagule, aphunzitsi."

Ndidapita.

Mpini ukakokedwa uyenera kubwerera wokha, ndipo ntchito imeneyo ndi ya mphira wodula ku chubu cha galimoto. Apa m'pamene adavutika kwambiri, ndipo apa m'pamene ndidawalemekeza kwambiri. Mphira woyamba adali wamfupi. Poyamba kukoka adali lende, tcheni chikugwedera, koma pofika pachifuwa ankalimba ngati legeni ndi kukutsomphola mpini m'manja. Adamuchotsa osanena kanthu. Adadula wina wautali kawiri, n'kumudutsitsa kunsi kwa njanji mpaka kumbuyo, kumuzunguliza pa kapule kopangidwa ndi habu yakutsogolo ya njinga, n'kumubweza. Mphira wautali amatamuka pang'ono pa gawo lililonse, motero kukoka kwake kumakhala pafupifupi kofanana kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Amadula ndi lezala lonyowa, kamodzi kokha osaimitsa dzanja, chifukwa mphira amayambira kung'ambika pa kabala kamene mpeni udazengereza. Wachiwiri adali wonenepa. Wachitatu, wocheperako ndi theka la chala, ndiye adakhala.

Tsopano mapiko aja. Ndiwo adandichititsa kusankha makina a mtundu umenewu, ndipo ndiwo yankho la ntchito ziwiri zija. Mphepo ili ndi khalidwe lake: ukaiyendera mofatsa imafatsa, ukaiputa imakalipa. Asayansi amati liwiro la mapiko likawirikiza kawiri, mphamvu yofunika kuwazunguza imawirikiza ka 8. Ndiye munthu akamakoka mwapang'onopang'ono kwa theka la ola, akutha kuyankhula koma osatha kuimba, ntchito ndi ya mtima ndi mapapo. Akaganiza zokoka ndi ukali maulendo 15, mpini umalemera ngati thumba la feteleza, ntchafu, msana ndi mikono n'kuyaka moto. Palibe bawuti yomasula, palibe chitsulo chowonjezera. Mayi a kunyumba amakhala pa kampando komweko ine nditangochokapo, makina n'kuwalandira pa msinkhu wa mphamvu zawo. Kulemera kwake kumachokera kwa wokokayo, choncho n'kovuta kuti akupatse katundu woposa amene wapempha.

Mapiko oyamba adawadula molingana ndi amene tidawaona pa chithunzi, koma atayesa adapukusa mutu kuti wilo likuthamanga chabe, silikuluma. Adadula ena otambalala. Chifukwa chake ndidachipeza pambuyo pake, ndipo ndi chomwe chija chimene iwo ankachidziwa kale ku mapampu. Amati madzi a kuno ndi aulesi kukwera: thiredo pampu imene kumalo otsika imakweza madzi kuchokera pa mamita 7, kuno imalephera isanafike pamenepo. Pampu siikoka madzi kwenikweni. Imachotsa mpweya m'paipi, mpweya wa kunja n'kukankha madziwo kuti akwere. Tauni ya Dedza ili pa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo mpweya wa kuno ndi wopepuka ndi magawo pafupifupi 15 pa 100 aliwonse poyerekeza ndi wa ku Beira. Mpweya wopepuka umakankha madzi mofooka, umagwiranso phiko mofooka. Ine ndidazipeza ndi masamu, iwo adazipeza ndi dzanja, ndipo iwo ndiwo adayamba.

Wilo litakhala bwino adandifunsa ngati pakhomo pali adzukulu. Alipo awiri. Adapinda waya wokhuthala n'kupanga khola lozungulira wilo lonse, n'kulikuta ndi waya wa timabowo ting'onoting'ono toti chala cha mwana sichingalowe. A ku Vermont aja nawo wilo lawo loyamba lidali pamtetete, ndipo adadzalitsekera m'khola pa makina awo achiwiri mu 1986. M'mbali mwa kholalo amisiri adaikamo kachitseko ka lata kotsetsereka. Ukakatseka, mpweya wolowa umachepa, wilo n'kupepuka. Ukakatsegula, limalemera ngati bwato lodzaza. Ameneyo ndiye giya yathu.

Tsiku loyesa padasonkhana kagulu: a kabaza awiri, mayi wogulitsa zitumbuwa, ndi mnyamata wophunzira ntchito amene amisiri amamukalipira tsiku ndi tsiku chifukwa chowotcherera atavala magalasi a dzuwa. Ndidakhala pa kampando, kumanga mapazi, n'kukoka ndi mikono mwamphamvu zanga zonse kuti anthu aone. Tcheni chidalumpha, chidamenya khola, wa zitumbuwa n'kubisa nkhope m'chitenje.

Amisiri sadapalasepo bwato chibadwire, koma ndiwo adandikonza. Adati ndisayang'ane anthu, ndiyang'ane tcheni. Chikamavina ndiye kuti ndikulakwitsa. Chiyenera kuyenda mowongoka ngati ulusi wa telala.

"Thumba la feteleza mumadzutsa ndi chiyani? Ndi manja? Yambani ndi miyendo. Manja ndi zingwe chabe."

Ndi momwemo ndithu. Miyendo imakankha kaye, mikono ili chitambasukire ndipo msana uli wowongoka. Maondo akatsala pang'ono kuwongoka, thupi limapendekera kumbuyo pang'ono, ndipo pomaliza m'pamene mikono imabweretsa mpini pansi pa chifuwa. Pobwerera zimayenda chobwerera, mikono, thupi, kenako maondo, mosafulumira. Wopinda msana ngati nkhono pokoka ndiye amadzuka ndi chiuno chowawa n'kumanamizira makina. Mlamu wanga wa ku Mtakataka, amene adakulira m'mphepete mwa nyanja, atandiona adaseka kuti kwawo wa bwato amayang'ana kumene akupita, ine ndikupalasa chafutambuyo, bwato lake losachoka pabalaza. Dzina lakuti bwato la pamtunda lidachokera kwa iyeyo.

Ndisawakometse mopitirira. Pa mikono, makinawa amakoka basi, sakankha. Minofu ya pachifuwa ndi ya kuseri kwa mikono imatsala ndi njala, ndipo wofuna akatumba otupa ngati a anyamata onyamula zitsulo sawapeza pano. Amisiri adaliona vutoli ndisanalinene. Adatenga zitini ziwiri za mkaka waufa ndi paipi, n'kuwotcherera misomali kunsonga za paipiyo kuti simenti ipeze pogwira. Adathira chitini chimodzi, kudikira chiume, kuthira chinzake, n'kuzifunditsa chiguduli chonyowa kwa sabata yathunthu, pakuti simenti youma mofulumira imafumbutuka. Pomaliza adapita nazo pa sikelo ya wogulitsa kachewere, kutsamiritsa mbali iyi kenako inayo, n'kupala yolemerayo mpaka zidafanana. Masiku awiri pa sabata ndimagona pamphasa n'kukankha zimenezo.

Phokoso nalo lilipo. Ndikakoka mwaukali wilo limawomba ngati mwera, makatani n'kumavina, fumbi la pansi pa kabati n'kutuluka lonse. Mwezi wa October mphepo imeneyo ndi dalitso. Mu July, pa thupi la thukuta, ndi chilango, moti ndimatembenuzira makina kukhoma. Chinyontho cha chiperoni chimakonda tcheni, ndiye Loweruka lililonse ndimachipukuta ndi kansalu ka oyilo. Kagalasi kowerengera mamita ndi kugunda kwa mtima, kamene a m'sitolo amanyadira, pano palibe. Wotchi yanga ndi wailesi: ndimayamba nkhani za m'mawa zikamayamba, ndimatsika pulogalamu yotsatira ikafika pakati. Ndipo kukongola ndiye ayi. Penti ndi yotsala ku geti la munthu wina, yobiriwira, ndipo mapiko akadali ndi zilembo za kampani ya mafuta ophikira.

Komabe ndikayang'ana ngodya iliyonse ndimaona pamene munthu adaima n'kuganiza. Mitu ya mabawuti idayang'ana kumene mwendo sudutsa. Nsonga zonse za zitsulo adazipala kuti zisang'ambe thalauzi. Kumapeto kwa njanji kuli kachidutswa ka tayala kolandira kampando ngati wina wakankha mopitirira. Kutsogolo kuli timawilo tiwiri ta wilibala ya ana, kuti munthu mmodzi athe kudzutsa makinawa n'kuwaimika kukhoma alendo akabwera. Zimenezi sindidapemphe ndi chimodzi chomwe, ndipo pa mtengo umene tidagwirizana sadawonjezerepo tambala.

Chimene ndimachiyamikira koposa ndi choti palibe kachipangizo m'makinawa kamene sikapezeka pa msika wa Dedza, wa Lizulu kapena wa Chimbiya. Tcheni, masipoko, fuliwilo, mabering'i, chubu, zonse zili pa mabenchi a okonza njinga ndi magalimoto. Kachipangizo kakatha madzulo, m'mawa mwake ndapalasa.

Inu amene namwino wakupemphani mkono wachiwiri, yambani mwafunsa kuchipatala ngati thupi lanu likuloledwa ntchito yotere, makamaka ngati BP ili pamwamba kwambiri kapena msana udavulalapo, ndipo sabata zoyamba muzikoka mofatsa. Kenako pitani kwa wowotcherera wa kwanuko ndi kanema pa foni, muone chimene maso ake atsatire. Akayamba ndi kutchula mtengo asanayeze miyendo yanu, tsanzikani mwaulemu mupite kwa wina. Akamaliza, mumupemphe akhalepo yekha akoke mphindi zisanu inu mukumvetsera tcheni.

Anga atha miyezi 14 tsopano. Mapiritsi ndikumwabe, koma lamba wa thalauzi ndabweza mabowo awiri. Mphira ndasintha kawiri, wogula pa msika pomwepa. Tcheni ndi fuliwilo ndi zomwe zija, ndipo wilo la Humber likaima, limaima paliponse.